Nsomba zisanu, ndipo zifike zamoyo: masiku anayi ku damu la Albert Falls

Lachinayi, 22 Januwale, pamsewu

Tinanyamuka ku Durban 1 koloko masana, ine ndi mwini boti, kupita ku mpikisano wowedza nsomba zotchedwa bass, boti lili pangolo kumbuyo kwa bakkie, galimoto ya pikapu. Pamapu ulendowu ndi waufupi: makilomita pafupifupi 80 pa N3 kukafika ku Pietermaritzburg, kenako ena oposa pang'ono 20 pa R33, msewu wa ku Greytown. Koma wokoka boti mtunda umamutalikira. Kuchokera kunyanja msewu umangokwera, ndipo chitunda cha Key Ridge tinachikwera mumzere wakumanzere, pakati pa malole ochokera kudoko. Cha ku Ashburton akukuza msewu. Pamenepo tinaima mphindi 40, dzuwa likuswa mtengo. Padamu tinafika 4 koloko itadutsa.

Pa Cato Ridge tinapatuka dala kuti tigwire mateyala a ngolo. Chofunika kugwira si labala ayi, koma chitsulo chapakati pomwe pali ma bearing. Chikakhala chofunda, zili bwino. Chikatentha moti dzanja silingakhalepo masekondi asanu, girizi watha kapena mwalowa madzi. Ngolo za maboti zimafa ndi nthenda imeneyi chifukwa zimalowetsedwa m'madzi ma bearing akadali otentha, ndipo chitsulo chikazizira mwadzidzidzi chimakokera madzi m'kati. Ukafika padamu, dikira mphindi 15 kapena 20 usanatsitse boti.

Ndalama zapita motere: mafuta a boti R1,100, yolowera mpikisano R900 pa boti la anthu awiri, mapaketi anayi a nyambo zapulasitiki R420, mchere wokhakhala wopanda ayodini makilogalamu 2 pa R40. Mcherewo si wa ndiwo. Ntchito yake ioneka Loweruka.

Pothira mafuta ku Pietermaritzburg, mnyamata wothira anandimva ndikuyankhula pafoni, n'kundifunsa chapansipansi: "Achimwene, kumudzi n'kuti?" Iye kwawo n'ku Mangochi, mwana wa m'mbali mwa nyanja. Anatipopera mateyala a ngolo tisanamupemphe, kenako anasuzumira m'boti n'kuona ndodo khumi zitandandalikidwa. "Pobwerera mutiponyereko ndiwo, achimwene." Nditamuuza kuti nsomba zonse timazibwezera m'madzi, anangogwira pakamwa.

Kwa ife okulira pa chambo ndi usipa zimenezi n'zovuta kumvetsa, choncho ndifotokoze lero lomwe. Bass si nsomba ya kuno. Kwawo ndi ku North America. Ku South Africa inabwera mu 1928, ndipo mtundu wa ku Florida, umene umakula kwambiri, unafika ku Natal mu 1980. Ndi nsomba yolusa, yakukamwa kwakukulu, yodya tinsomba, nkhanu ndi achule, n'chifukwa chake imanyengeka ndi nyambo yapulasitiki. Pampikisano boti lililonse limabweretsa nsomba zisanu zokha patsiku, zolemera kwambiri mwa zimene lagwira, ndipo zifike pasikelo zikupuma. Zikayezedwa zimabwerera m'damu. Mwambowu unachokera ku America, kumene bungwe la asodzi a bass la B.A.S.S., loyambitsidwa ndi Ray Scott, linayamba kubwezera nsomba zamoyo pamipikisano yake mu 1972. M'miyezi yozizira lamuloli n'losavuta kusunga. Mu Januwale, madzi ali ofunda ngati osamba, ndi pamene pagona mpikisano wonse.

Tamanga tenti pafupi ndi potsitsira maboti, mbidzi zikudya msipu chapomwepo. Tinabwera ndi mabotolo 16 a malita 2 a madzi oundana, koma cooler box yathu singawasunge onse mpaka Lamlungu. Mayi wa m'karavani yoyandikana nafe, amene amuna awo tikupikisana nawo, atilandirira asanu ndi atatu mufiriji yawo, ndipo akana ngakhale kuti tiwagulire chakumwa. Tadya nsima, boerewors ndi chakalaka ya m'chitini. Mabatire awiri a kainjini kamagetsi kakutsogolo ali pachaja.

Lachisanu, 23 Januwale, tsiku lofufuza

Kalabu yokonza mpikisano imalola kuwedza Lachisanu mpaka 3 koloko, ndiye lero linali lofufuza komwe nsomba zili. Damuli lili pa mtsinje wa uMngeni, kumunsi kwa Midmar. Linamangidwa mu 1976 ndipo kukula kwake n'kopitirira mahekitala 2,000. Madzi otere sungawamalize tsiku limodzi. Umasankha zigawo zitatu kapena zinayi n'kuzisanthula bwino.

Choyamba kuyang'ana ndi kutentha kwa madzi. Nthawi ya 5:30 m'mawa anali madigiri 26 pamwamba, pofika 12 koloko anali 29. Chachiwiri ndi kamzere kotuwa kamene kamaoneka pa fish finder, kachipangizo koonetsa za pansi pa madzi, lero pa mamita 8. Kamzereko ndi malire a madzi ofunda apamwamba ndi ozizira apansi. Nyengo ino madzi awiriwa sasakanikirana, ndipo apansiwo mpweya wake umatha chifukwa zowola zapansi zimaudya. Bass sikhalitsa kumeneko. Kuponya nyambo pa mamita 12 n'kutaya tsiku. Umafuna pomwe madzi a pamwamba pa kamzereko akukhudza chinthu: chitsa, mwala, kapena mphepete mwa khwawa lakale limene linamira.

Tapeza malo atatu. Oyamba ndi kagombe kokhota kokhala ndi akakombo ndi udzu, kuya mita imodzi, komwe tinsomba ta makumba timawalawala m'bandakucha. Achiwiri ndi msana wa mtunda womira, wamiyala, wotsika kuchoka pa mamita 4 kufika 7. Achitatu ndi mitengo yomira m'mphepete mwa njira yakale ya mtsinje, pa mamita 6 mpaka 7. Gombe lina la bango lokongola, limene aliyense wodutsa angaliloze, latidyera ola lathunthu osaluma ngakhale kamodzi. Chikomekome cha mkuyu.

Tsiku lofufuza sitibaya nsomba zambiri. Nsonga ya mbedza timaipindira m'kati ndi pulayala. Nsomba ikaluma umamva kulemera kwake, n'kuileka ilavule yokha. Yobayidwa Lachisanu kawirikawiri siluma Loweruka. Timabaya imodzi yokha pamalo kuti tione msinkhu wake, n'kusunga malowo pa GPS, n'kuchokapo msanga maboti ena asanatione titakhazikika.

Cha m'ma 2 koloko mitambo inaunjikana kumbali ya Karkloof. Mphepo inali isanafike, madzi ali zii, koma ndodo yanga inayamba kulira ngati njuchi nditaikweza. Ndinachita mantha enieni. Ndodo za masiku ano ndi za kaboni, zimadutsa magetsi, ndipo munthu woima paboti ndiye chinthu chachitali kwambiri padamu ponse. Kulira kumeneko ndi chenjezo lomaliza. Tinagoneka ndodo zonse pansi n'kuthamangira kumtunda. Njira yoyezera ndi yosavuta: ukaona kung'anima, werenga masekondi mpaka bingu, atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, choka pamadzi. Ife tinawerenga 12. Mvula inatipeza tikumangirira boti.

Madzulo ndinamanga ndodo zanga zisanu. Ya chule wapulasitiki ili ndi chingwe cholukidwa cha braid chopirira kulemera kwa mapaundi 50, chomangidwa pachule penipeni, chifukwa nsomba ikalowa m'mapesi a akakombo chingwe chiyenera kuwadula ngati mpeni. Yachiwiri, ya kamangidwe kotchedwa Texas rig, ili ndi chingwe cha fluorocarbon cha mapaundi 15, mbedza ya saizi 4/0, cholemetsa cha tungsten cha magalamu 7 ndi nyongolotsi ya masentimita 15 ya mtundu wa green pumpkin, nsonga ya mbedza itabisidwa m'thupi la nyongolotsi kuti isakole m'mitengo. Yachitatu ndi mojo rig, imene asodzi a kuno amaikonda kwambiri: kamtovu koonda ka magalamu 3.5 kotsekeredwa ndi kalabala masentimita 40 pamwamba pa mbedza, kumapeto kuli fluke, nyambo yooneka ngati kansomba, ya mtundu wa watermelon red. Kamtovuko kamakwawa pansi, nyambo n'kumayandama pambuyo ngati kansomba kodwala. Yachinayi ndi crankbait, nyambo yolimba yooneka ngati kansomba, yomira mpaka mamita 5 ikamakokedwa, yachisanu drop shot, mbedza pamwamba cholemetsa kumapeto, pa chingwe cha mapaundi 8.

Mfundo ndimamanga ya Palomar, koma pa fluorocarbon imafuna chisamaliro. Imamangidwa chingwe chitapindidwa pawiri, ndipo zingwe ziwirizo zikapingasana, kapena ukakoka osanyowetsa ndi malovu, chingwe chimapsa m'kati mwa mfundo, ndipo chidzaduka pa nsomba yaikulu yokhayo imene unabwerera. Ukaona chingwe chapiringizika ngati kamchira ka nkhumba pamwamba pa mfundo, dula, manganso.

6 koloko kunali msonkhano wa malamulo. Maboti ndi 24. Kunyamuka 5:15, kubwerera 2 koloko. Nsomba yochepera masentimita 30 siloledwa. Yakufa amachotsa magalamu 250, ndipo sungaitaye kuti ulowetse ina. Kuchedwa ndi magalamu 100 pa mphindi. Nyambo yamoyo ayi, kukoka nyambo ndi injini ayi, kuyandikira boti lina mamita ochepera 50 ayi. Kuthandizana pakati pa maboti n'kololedwa pa ngozi ndi pa moyo wa nsomba basi. M'chipewa tatola nambala 17, ndiyo nambala yathu yonyamukira.

Loweruka, 24 Januwale, tsiku loyamba

Kudzuka 3:30. Potsitsira maboti pali mdima, matochi ndi mzere wa ma bakkie obwerera cham'mbuyo. Chinthu choyamba ndi chotsekera kabowo kotulutsira madzi kumbuyo kwa boti. Tonse awiri timachigwira ndi dzanja, aliyense payekha. Oyang'anira anatsegula thanki yathu ya nsomba, imene onse kuno amati livewell, kuona kuti mulibe kanthu. Injini yaikulu ikamayenda, aliyense avale life jacket ndipo chingwe chozimitsira injini chikhale chomangidwa kwa woyendetsa.

Nambala 17 inatipezetsa boti lina litafika kale pa kagombe kathu. Tinatenga mbali inayo. Chule timamuponya pamwamba pa masamba, n'kumamukoka pang'onopang'ono, kuimitsa pa kampata kalikonse. Nsomba imaphulika pansi pake, khuvu! Kulakwitsa kwa pachule n'kumodzi: kukoka ndodo pa phokosolo. Nthawi imeneyo chule sanalowe m'kamwa, ndipo amangouluka kubwerera kumaso kwako. Tsitsa ndodo, werenga ziwiri, umve kulemera, ndiye ubaye mwamphamvu chokweza. Zinaluma kasanu ndi kawiri, tinakweza zitatu. Pofika 6:40 dzuwa linagwera pamadzi, zonse zii.

Poyeza timagoneka nsomba pathabwa lonyowa, kukamwa kotseka kutagunda kumapeto. Lamulo likuti 30, koma ife yochepera 31 sitisunga, chifukwa thabwa la oyang'anira silifanana ndendende ndi lako, ndipo nsomba yaifupi pasikelo ndi chilango.

Tsopano za livewell, chifukwa apa ndi pamene maboti ambiri amagonjera osadziwa. Madzi ofunda amasunga mpweya wochepa: pa madigiri 20 lita imodzi imasunga mamiligalamu pafupifupi 9, pa madigiri 30 pafupifupi 7.5. Pomwepo nsomba ya m'madzi ofunda imafuna mpweya wambiri, makamaka yomwe yangolimbana ndi mbedza. Wochepa mpweya, wochuluka njala yake, m'thanki ya malita 80.

Timachita chonchi. Thanki timaidzaza m'mawa pakati pa damu, pomwe madzi ali oyera ndi ozizirirako, osati potsitsira maboti pamene pali mafuta ndi matope. Tikatero timatseka pampu yokoka madzi a m'damu n'kuyatsa yozungulitsa omwewo, iziyenda osaima; nyengo ino timer, yoyatsa ndi kuzimitsa pampu yokha, ndi mdani. Timaponyamo mabotolo awiri oundana. Awiriwo amatsitsa malita 80 ndi madigiri pafupifupi 4, ndipo pamenepo mpokwanira. Kupitirira 5 n'koopsa, chifukwa nsomba yochoka m'madzi a 28 kugwera m'madzi a 18 imadzidzimuka, ndipo ngakhale ifike pasikelo ikupuma, idzafa ikabwerera m'damu lofunda. Mabotolo ndi abwino kuposa ayisi wogula chifukwa madzi ake satuluka. Madzi a kumpopi ali ndi klorini, amene amawotcha mopumira nsomba. Mchere ndi magalamu 5 pa lita, ndiye 400 pa thanki yathu. Nsomba yotopa imataya mchere wa m'magazi kudzera mopumira, ndipo madzi amchere pang'ono amachepetsa kutayako. Maola awiri aliwonse timatulutsa theka la madzi, chifukwa nsomba zimatulutsa amoniya ndipo pampu yozungulitsa singamuchotse. Tikathira atsopano, timawonjezera magalamu 200 a mchere ndi mabotolo ena awiri. N'chifukwa chake tsiku limodzi limadya mabotolo 8 ndi kilogalamu ya mchere. Foni ili ndi alamu ya zimenezi, popeza nsomba zikamaluma munthu amaiwala.

Kagwiridwe nakonso. Manja anyowe, nsomba isagone pa kapeti yotentha ya boti, chifukwa choterera cha pakhungu ndicho chimaiteteza ku matenda. Igwire mlomo wapansi ili choimirira. Yaikulu uichirikize pamimba, apo ayi chibwano chimathyoka ndipo sidzathanso kudya. Kunja kwa madzi isapitirire masekondi 30.

Kuyambira 7 koloko tinakhala pa msana wamiyala uja. Uku ndi kuwedza kwa kuona maso a nkhono n'kudekha: ponya, dikira nyambo ifike pansi, koka theka la mita, ima masekondi asanu, kokanso. Kuluma kwake sikuoneka ngati kuluma. Nthawi zina ndi kagunda kamodzi, nthawi zina chingwe chimangoyamba kuyenda cham'mbali, nthawi zina zimamveka ngati wakola nsanza yonyowa. Ukakayika, baya. Ziwiri zinabwera pa mojo rig, ndipo 9:10 zisanu zinakwana. Crankbait inakola mlamba wa makilogalamu mwina 4, umene suwerengedwa. Unatidyera mphindi 15 ndipo unapaka chingwe mamina moti ndinadula mamita awiri.

Ku mitengo yomira tinagwira ya makilogalamu 1.6 pa mamita 7. Patapita mphindi khumi inali itagadama m'thanki, mimba itatupa, ikulephera kumira. Nsomba ili ndi kathumba ka mpweya m'mimba, ndipo mamita 10 aliwonse a madzi amapanikiza mofanana ndi mpweya wonse wa kumwamba kuno. Yochoka pa mamita 7 mpweya wake umafufuma kuposa theka, ndipo bass ilibe njira yougeyera msanga. Mankhwala ake ndi singano ya jakisoni yaikulu, ya saizi 16 kapena 18. Goneka chipsepse cha pambali pa thupi, werenga mamba awiri kapena atatu kuseri kwa nsonga yake, lowetsa singano pansi pa mamba chopendeka kuloza kumutu. Chita zimenezi nsomba ili m'madzi kuti uone thovu. Masekondi atatu mpaka asanu akwana. Ukatulutsa wambiri nsomba imagona pansi ngati mwala, ndipo limenelo ndi vuto lina. Dzanja limanjenjemera pa ntchito imeneyi, sindibisa. Yathu inatembenuka, n'kukhala bwino.

Zikakwana zisanu, iliyonse yatsopano imafuna kuti yaing'ono ichoke. Nsomba iliyonse ili ndi kopanira pamlomo kokhala ndi chingwe cha mtundu wake, kosaboola. Ziwiri zikafanana m'maso timazipachika pa kandodo kolinganizira, yopepuka n'kubwerera m'damu. Usaponye nyambo muli zisanu ndi chimodzi m'thanki; anthu amachotsedwa mumpikisano chifukwa cha zimenezo. Tinasintha katatu.

Tinanyamuka mphindi 20 nthawi isanakwane. Pasikelo ndi pomwe nsomba zimavutika kwambiri tsiku lonse: zisanu m'chikwama cha malita ochepa zimamaliza mpweya m'mphindi zowerengeka. Usazilowetse m'chikwama nambala yako isanaitanidwe, ndipo pamzere chikwama chikhale chomizidwa m'mabafa a madzi amene oyang'anira aika. Zathu zinalemera makilogalamu 6.12, zonse zamoyo. Tili pa nambala 6; otsogola ali ndi 9.40.

Kunja kwa geti mayi wina amagulitsa amagwinya, mandasi a kuno, pa R4 limodzi. Tinagula asanu ndi limodzi, iwo anaikamo asanu ndi atatu, ati taonani mmene dzuwa lakuwotcherani. Msana ukuwawa, maso akuyabwa. 8 koloko ndigona.

Lamlungu, 25 Januwale, tsiku lachiwiri

Mvula inagwa usiku wonse. Kutacha kumwamba kunali mbee, kamphepo kozizira, ndipo kagombe ka akakombo kanali kofiira ndi matope, madzi atatsika kufika madigiri 24. Chule sanalumidwe ngakhale kamodzi. Tinakhalapo mphindi 50, ndipo 30 mwa izo zinali zokakamira za dzulo. Madzi akasintha mtundu, malowo ndi ena ngakhale GPS ikunena kuti ndi omwewo.

Kumsana wamiyala madzi anali oderako pang'ono chabe. Tinasintha nyambo kuika zakuda, junebug, chifukwa m'madzi osayera nsomba imaona chithunzithunzi, osati mtundu. Yoyamba inabwera 7:50. Pofika 10 koloko tinali ndi zinayi: magalamu 700, 900, kilogalamu imodzi, ndi 1.1. Ya 700 inali itameza mbedza. Zikatero usakoke, dula chingwe pafupi ndi mbedza, kapena itembenuze kudzera mopumira ngati ukudziwa kachitidwe kake. Tinadula. Inkatuluka magazi pang'ono koma inkasambira.

10:30 mwini boti anati, "Tamverani." Panalibe chomveka, ndipo vuto linali lomwelo: pampu inali chete. Mphepo inatibisira, ndipo mwina panali patapita mphindi 25. Titatsegula, zitatu zinali pamwamba zikutsegula kukamwa, ya 700 itagona cham'mbali, mopumira mwayera. Mtima unangoti phwii.

Chinachitika n'chiyani? Bass ikakhala m'thanki imasanza zimene inadya. Pa kasefa ka pampu panali zikamba za nkhanu ndi chidutswa cha nyongolotsi yapulasitiki. Kachidutswa kena kanadutsa n'kutsekereza kopukusa madzi, mota inalimbana, fyuzi ya 5 amp inapsa. Kasefako kamafunika kukapukuta nthawi iliyonse yosintha madzi. Dzulo tinachita zimenezo. Lero, pothamangira nsomba yachisanu, tinasintha madzi osakagwira.

Pampu ikafa, ndowa ndiyo pampu. Tunga madzi a m'thanki momwemo, uwathire kuchokera m'mwamba ngati theka la mita kuti achite thovu, kakhumi, ndipo ubwereze mphindi zisanu zilizonse. Wina akuthira, wina akumasula pampu. Fyuzi yapadera tinalibe. Tinakweza dzanja kwa boti lomwe linali chapatali, bambo wachikulire ndi mdzukulu wake. Anasiya kuwedza, nabwera, natiponyera kabokosi ka mafyuzi, ati tengani awiri. Anataya mphindi khumi za mpikisano wawo. Pampu inadzuka 10:55. Zitatu zija zinatsitsimuka. Ya 700 inafa.

11:30 tinagwira ya 1.3, zisanu n'kukwana, imodzi yakufa. Tinapita ku mitengo yomira n'kukhala pomwepo. 12:40 Texas rig inagwera pakati pa nthambi, chingwe n'kungolemera. M'mitengo masekondi atatu oyamba ndiwo onse: drag, buleki ya chingwe, ikhale yomanga, ndodo m'mwamba, nsomba ichoke m'nthambi isanatembenuze mutu. Ikazungulira nthambi kamodzi, usakoke. Masula pang'ono, nthawi zambiri imatuluka yokha njira imene inalowera. Iyi inatuluka, inalumpha kamodzi, ndinamiza nsonga ya ndodo m'madzi kuti isalumphenso, mwini boti n'kuilandira mu ukonde. Makilogalamu 2.6.

Apa ndi pomwe nsomba yakufa imalipiritsa kawiri. Inayenera kuchoka ndi ya 700, koma lamulo likukana, ndiye tinabweza yamoyo ya 900. Magalamu 200 anapita pamenepo, ena 250 pasikelo. Zisanu zinalemera 6.70, atachotsa chilango 6.45. Masiku awiri pamodzi 12.57, nambala 6. A nambala 5, pomwe mphoto zimathera, anali ndi 12.90. Opambana anali ndi 17 ndi kanthu. Masiku onse awiri anakhala pa malo amodzi akuya, akukoka pang'onopang'ono Carolina rig, yofanana ndi mojo rig koma ya cholemetsa cha magalamu 21, ndipo m'boti mwawo muli mapampu awiri, iliyonse ndi fyuzi yake.

Lamulo la nsomba yakufa ndimaligwirizana nalo, ngakhale lero latipweteka. Popanda ilo, mpikisano wa maboti 24 mu Januwale ukanasiya nsomba zoyandama gombe lonse. Ya 2.6 ndinaitsitsa ndekha m'thanki ya oyang'anira, amene amakazitulira pakati pa damu pomwe madzi ndi ozama. Inakhala kaye m'manja mwanga ikupuma, kenako inamenya mchira n'kutsika.

Lamlungu usiku, pobwerera

Tisanachoke tinatulutsa madzi onse a m'thanki ndi a pansi pa boti, n'kuchotsa udzu uliwonse pangolo ndi pa injini. Kachidutswa ka udzu wa m'madzi kamamera m'damu lina. Bass yamoyo nayo siyenera kuchoka pano. Malamulo a dziko lino amaletsa kuisamutsa popanda chilolezo, ndipo chifukwa chake n'chomveka, popeza m'mitsinje ina ya ku Western Cape inamaliza tinsomba ta komweko. M'damu ngati ili ndi ya masewera. Mumtsinje wa eni ake ndi chilombo.

Yakufa ija anatipatsa. Tinaitumbula, n'kuiika pakati pa mabotolo awiri otsala. Ku Pietermaritzburg mnyamata wa ku Mangochi anali ataweruka kale. Tinaisiya kwa mayi wogwira naye ntchito, amene anailandira n'kukaiika mufiriji ya zakumwa, ati alowa 6 koloko m'mawa.

N3 ya Lamlungu madzulo inali yodzaza ndi obwerera ku Durban. Pa Cato Ridge tinapatukanso. Chitsulo cha teyala lakumanja chinali chofunda, chakumanzere chotentha ndithu, dzanja linakhalapo masekondi atatu okha. Tinadikira theka la ola, tinapopera girizi, n'kutsika Key Ridge pa 60, maso ali pagalasi lakumanzere. Tinafika 9:20. Boti latsala pangolo. Mawa ndi ma bearing, pampu yachiwiri, ndi kabokosi ka mafyuzi kokhala m'boti momwemo.